Loweruka Limene Mwala wa Bulu Unasowa

Dirowa nambala 14 ndinaitsegula nthawi itangopitirira 12 koloko masana, ndipo mwala munalibe.

Kasiponji komwe ndinasema ndekha kuti mwalawo uzigonamo kanali pamalo pake, dzenje lili pululu. Pepala lofewa lomwe timafunditsa pamwamba linali litapindidwa panayi n'kuikidwa pambali, ndendende mmene ndimaphunzitsira aliyense wolowa m'chipinda chino. Ndinayang'ana loko: sanathyoledwe. Ndinayang'ana pansi: simenti inali youma. Kunja chipale chofewa chinali chikugwa kuyambira m'mawa, ndipo aliyense wochokera panja ankasiya madzi ndi mchere umene amathira m'misewu kuti chipale chisungunuke, paliponse pomwe waponda. Muno munalibe ngakhale dontho.

Ndine Lorraine Tkachuk. Kwa zaka 22 ndakhala ndikusamala zinthu zakale za ku Ejipito pa yunivesite yathu, m'zipinda ziwiri zapansi pa myuziyamu, ndipo sindinatayepo ngakhale mkanda umodzi. Loweruka limenelo tinali ndi alendo oposa 80. Msonkhano wa pachaka wa ophunzira a madigiri apamwamba pa za Ejipito wakale unali utagwera kwathu, ndipo anthu anabwera kuchokera ku Toronto, ku Chicago, ku Montreal, ena mpaka ku Cairo. Nthawi ya 2 koloko wophunzira wathu, Marina Girgis, ankayenera kuimirira pamaso pa onsewo, ine nditamuikira mwala uja pathebulo.

Tonse tinkautchula kuti Mwala wa Bulu. Ndi kachidutswa ka mwala woyera, kukula kwake ngati chikhatho, komwe mayi wina wamasiye analembetsapo kalata zaka zikwi zitatu zapitazo, kudandaula kuti mlamu wake anabwereka bulu n'kumubweza akutsimphina. Pulofesa Aldous Renquist ndi amene anawerenga kalatayo koyamba, n'kulemba buku lomwe linawatchukitsa.

Ndinaimbira apolisi a pa yunivesite. Anabwera Konstabo Marlon Dacosta, munthu wamtali wosapupuluma, akumung'unya switi ya chifuwa. Anaima pakhomo n'kuvula jombo ndisanamuuze.

"Kiyi wa chipinda chino ali ndi ndani, Mayi Tkachuk?"

"Ine."

"Basi?"

"Mwalamulo, ine basi. Koma Pulofesa Renquist atapuma pantchito sanabweze wawo. Ndawalembera makalata atatu."

"Munatseka nthawi yanji?"

"Hafu teni. Ndinauona ndi maso angawa. Kenako ndinapita kutsidya kwa kampasi kukatenga kabokosi kagalasi kouikamo."

"Alipo anakuonani?"

"Loweruka? Kunalibe munthu. Anandisiyira pakhomo."

Analemba pang'onopang'ono. "Ndiye pakadali pano ndili ndi munthu mmodzi amene ali ndi kiyi koma alibe mboni."

"Mukunena ine?"

"Ndikungowerenga zimene ndalemba. Ungagulitsike mwalawu?"

"Aliyense wa ntchito yathu amaudziwa. Kuli ngati kuba galu wa meya n'kukamugulitsa kutsogolo kwa holo ya mzinda."

Anapempha chithunzi ndi miyezo yake. Ndinapita ku kabati yamatabwa momwe muli makhadi akale, chinthu chilichonse khadi yake, olembedwa pamanja makompyuta asanabwere. Ndinayendetsa chala. 87-29. 87-30. 87-32.

Ndinabwereza kawiri.

"Konstabo," ndinatero. "Sanatenge mwala wokha. Watenganso khadi yake."

* * *

Marina tinamupeza m'kalasi yopanda anthu m'nyumba ya dipatimenti, akuyeserera nkhani yake kwa mipando. Ndi mtsikana wamng'ono thupi, wobadwira ku Mississauga, kufupi ndi Toronto, kwa makolo ochokera ku Asyut, mzinda wa ku Ejipito, ndipo akakwiya mawu ake amatsika m'malo mokwera. Nditamuuza, sanalire. Anangoika mapepala ake pansi n'kuwalinganiza m'mbali.

"Ndinadziwa," anatero. "Ndinadziwa kuti sindikanayenera kuwalembera."

"Kulembera ndani?" anafunsa Dacosta.

"Pulofesa Renquist. Mwaulemu. Amayi anga amati munthu wamkulu sumudzidzimutsa pagulu."

"Yambani pachiyambi, Abiti Girgis."

"Mu Novembala ndinajambula kumbuyo kwa mwalawo ndi kamera yoona zimene maso saona. Ndimangofuna zilembo zofufutika. M'malo mwake panatuluka nambala. Yopenta, kenako yotsukidwa. Ndi nambala imene ofukula amalemba pa chinthu akangochitulutsa m'nthaka. Ndinaifufuza. Ili m'kaundula wa nyumba yosungira zinthu ya boma la Ejipito kufupi ndi Luxor, chaka cha 1985."

"Ndiye?"

"Ndiye Pulofesa akhala akunena zaka zonsezi kuti anaupeza ku banja la msilikali wina wa ku Mangalande amene anautenga kalekale, malamulo asanakhwime. Ndi bodza. Unatuluka m'nyumba yokhoma, lamulo litaletsa kale. Unabedwa."

Dacosta anasuntha switi kupita tsaya lina. "Zithunzi muli nazo?"

"Ndili nazo. Koma chithunzi aliyense akhoza kunena kuti ndachikonza pakompyuta. N'chifukwa chake ndimafuna mwala weniweniwo, ndi kamera pambali pake, kuti alendo a ku Cairo aone okha. Popanda mwala ndine kamtsikana konamizira munthu wazaka 81."

"Amadziwa ndani za nambalayi?"

Anawerenga pazala. "Pulofesa. Hamish Vanderlaan, chifukwa ndi amene akuyendetsa msonkhano ndipo anasonkhanitsa zithunzi za aliyense dzulo. Ndi Philippa."

"Philippa ndi ndani?"

"Dokotala Strand, amene amayang'anira kafukufuku wanga. Koma iwo musawavutitse. Anandiuza kuti ndidikire chaka chimodzi, ndimalize digiri kaye, poopa kuti andimaliza. Amandidera nkhawa. Bambo anga atamwalira ndinagona kunyumba kwawo masabata atatu."

"Inu munali kuti kuyambira hafu teni mpaka 12?"

Marina anamuyang'ana m'maso. "M'chimbudzi cha akazi, chapamwamba. Ndimasanza. Ndimachita choncho ndikamakayankhula pagulu. Mukufuna mboni, kafunseni mtsikana wa ku Chicago amene anandipatsa madzi."

Potuluka anandigwira mkono. "Lorraine, akautulutsa panja m'chisanu chino n'kuulowetsanso motentha, inki ija iyamba kukanganuka, eti?"

"Inde."

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinafulumira kumutsatira Dacosta.

* * *

Pulofesa Renquist anali m'chipinda chodyera, atakhala pakati pa ophunzira asanu ndi mmodzi, sangweji m'dzanja, akufotokoza za mphepo ya mchenga imene inawatsekera m'manda masiku awiri. Chaka chatha linali tsiku limodzi. Ataona yunifolomu anatambasula manja.

"Taonani, ana anga, abwera kudzandimanga pomaliza! Ndi za malo oimika galimoto, mnyamata wanga? Ndakhala ndikuimika pamenepo iwe usanabadwe."

Ophunzira anaseka n'kubalalika. Dacosta anakoka mpando.

"Mwala wa Bulu wasowa, a Pulofesa."

Sangweji inaima m'malere. Ndinawayang'anitsitsa nkhope. Anadabwa, ndikhoza kulumbira. Koma kudabwako kutatha, panatsala kena kake kooneka ngati mpumulo.

"Zachisoni zedi. Loretta, ndinakuuzani kangati kuti loko uja ndi wachidole?"

"Ndine Lorraine."

"Munalandira kalata ya Abiti Girgis?" anafunsa Dacosta.

"Kalata ya kamtsikana kanzeru kaja? Ndinalandira. Ana a masiku ano akapatsidwa kamera amaona mizimu pathanthwe lililonse. Ndinamuyankha kuti ndikhala mzere woyamba ndipo ndiombera m'manja."

"Munali kuti kuyambira hafu teni?"

"Pampando, mnyamata wanga, kutsogolo kwa anthu makumi asanu ndi atatu. Ndimatsogolera gawo la m'mawa. Sindinadzuke ngakhale kukataya madzi, chomwe pa msinkhu wangawu ndi chozizwitsa choposa mapiramidi. Funsa aliyense."

"Kiyi wanu wa chipinda chapansi ali kuti?"

"Kiyi wanji? Aa, kachitsulo kaja. Ali pamodzi ndi makiyi anga onse, m'thumba la chikhothi."

"Chikhothicho?"

"Komwe chimakhala nthawi zonse ndikabwera kuno. Anandilanda ofesi n'kuipereka kwa munthu wina wophunzira za miphika, ndiye Philippa amandipachikira kuseri kwa chitseko chake. Mwana wabwino. Ndinamuumba ndine ameneyo, kuchokera ku dothi."

"Khadi ya mwalawo nayonso yasowa."

Anakweza nsidze. "Khadi? Kuli makhadi?"

Apa sananame. Zaka zonse zimene ndagwira nawo ntchito sindinawaonepo akutsegula kabati ija. Ntchito ya makhadi ankaitcha ya akalaliki.

* * *

Philippa Strand anali pakhonde lamkati akuthirira alendo khofi, chifukwa wothira khofi sanabwere. Ndi mmene alili. Zaka 60, tsitsi laimvi lodula lalifupi, juzi yobiriwira, nsapato zopepuka za m'nyumba. Anali atamva kale. Anaika ketulo pansi n'kundikumbatira.

"Lorraine wanga, pepa. Palibe amene akuganiza kuti ndi iwe. Marina ali kuti? Wadya?"

"Dokotala Strand," anatero Dacosta, "chikhothi cha Pulofesa Renquist chili mu ofesi mwanu?"

"Chili momwemo. Ofesi yanga sindikhoma masiku a msonkhano, ophunzira amasiyamo zikwama. Aliyense akanatha kulowa, ndikuvomereza. Ndi kupusa kwanga."

"Munali kuti kuyambira 11 koloko?"

"Mu holo, kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Ndimakhala kumeneko kuti ndizilondolera ochedwa."

"Amayankhula ndani?"

"Nthawi ya 11? Mtsikana wa ku Montreal, za mauvuni ophikira buledi a anthu omanga manda. Nkhani yabwino kwambiri. Zithunzi zake za uvuni umene anaumanga yekha kumbuyo kwa nyumba ya makolo ake, anthu anaseka nazo kwambiri. Pali china abambo ake ataima pambali ndi chozimira moto."

Dacosta anamwetulira pang'ono n'kulemba.

"Munamuuza Abiti Girgis kuti adikire."

"Ndinamuuza, ndipo ndingamuuzenso. Konstabo, ntchito yathuyi ndi mudzi waung'ono. Anthu amene adzawerenge kalata yake yofunsira ntchito ndi ophunzira a Aldous, kapena ophunzira a ophunzira ake. Ndimafuna akhale ndi digiri m'manja asanaponye mwala." Anadzigwira pakamwa. "Pepani, ndasankha mawu molakwika."

Wailesi ya paphewa la Dacosta inalira. Anapatuka, anamvetsera, kenako anabwerera akutseka kabuku kake.

"Mayi Tkachuk, kamera ya pakhomo lalikulu la myuziyamu yaonetsa munthu mmodzi yekha inu mutachoka m'mawa uno. Analowa 11:12, anatuluka 11:19, atanyamula bokosi."

"Ndani?"

"Wa ndevu zofiira, chipewa cha lalanje."

Pa kampasi yonse chipewa chimenecho chinali chimodzi.

* * *

Hamish Vanderlaan anali kuseri kwa nsanja ya mu holo, atagwada pakati pa mawaya. Ali m'chaka chachisanu ndi chiwiri cha digiri ya zaka zisanu, ndipo amayankhula ngati munthu amene basi ikumusiya.

"Bokosi? Inde, bokosi, ndinanyamula bokosi, ndikanatani? Ambuye wanga, mukuganiza kuti ndi ine? Ine ndi Marina sitimwerana madzi, aliyense akudziwa, anandilanda ulendo wa ku Luxor chaka chatha, chabwino sanandilande, anapambana, koma kuba mwala? Ine ndimaopa ngakhale kuupumira!"

"Pumani kaye. Munali chiyani m'bokosimo?"

"Pulojekita! Iyo apo, yang'anani, yalembedwa kuti ya myuziyamu. Lorraine, pepani, ndikanapempha, koma simunali mu ofesi, ndiye ndinakwera m'kalasi yapamwamba n'kuitenga."

"Pansi simunatsike?"

"Ndi jombo zonyowa? Kwa Lorraine? Ndimaukonda moyo wanga."

Ndinakumbukira mapazi amatope omwe ndinawaona pamasitepe okwera m'mwamba, n'kutukwana mumtima. Otsikira pansi anali oyera.

"Pulojekita ya muno inatani?" anafunsa Dacosta.

"Inafa! Babu linaphulika, phu, 11 koloko yeniyeni, Geneviève atangotsegula pakamwa. Mtsikana wa ku Montreal uja, wa mauvuni. Ndinathamanga, ndinagwa kawiri pachipale, ndafika kuno waya wake sakulowa. Tinakonza gawo litatha. Wayankhula mphindi makumi awiri popanda chithunzi ngakhale chimodzi, akujambula uvuni m'malere ndi manja, misozi ili m'maso. Andipha ameneyo. Mwina walemba kale kalata yondidandaulira."

Dacosta anasiya kumung'unya switi.

"Palibe chithunzi chinaoneka?"

"Ngakhale chimodzi."

"Cha abambo ake ndi chozimira moto?"

Hamish anaphethira. "Mwachidziwa bwanji chimenecho? Chili m'zithunzi zake, inde, koma zaonedwa ndi ine ndekha. Ine ndi Dokotala Strand, poti anaziyang'ana dzulo madzulo kuti aone ngati zikukwana nthawi."

Tinatuluka. Pakhonde ndinatsamira khoma: ndiye kuti nthawi ya 11 Philippa mu holo munalibe.

"Mayi Tkachuk," anatero Dacosta motsitsa mawu, "munthu angachoke muno n'kufika kuchipinda chanu osaponda panja?"

"Pali njira yapansi pa nthaka, ya mapaipi otenthetsera nyumba. Imayambira kuseri kwa masitepe awa. Kamera kulibe. Alendo saidziwa, ngakhale ophunzira ambiri."

"Makhadi aja, ankalemba ndani mu 1987?"

Ndinatseka maso. Nambala iliyonse yoyamba ndi 87 ili m'zilembo zing'onozing'ono zopendekera kumanzere. Zilembo zomwezo zimandilembera khadi ya Khirisimasi chaka ndi chaka. Pomwe ndinkalowetsa makhadi m'kompyuta ndinkakopera zakutsogolo zokha. Kumbuyo sindinkatembenuza.

"Wophunzira wa Pulofesa wa nthawi imeneyo," ndinatero.

Tinabwerera pakhonde la khofi. Ketulo inali pathebulo. Philippa kunalibe.

* * *

Chitseko cha ofesi yake, chomwe sakhoma masiku a msonkhano, chinali chokhoma. Nthawi inali 1:35.

Dacosta anagogoda. Zii.

"Dokotala Strand, ndikhoza kuitanitsa kiyi, koma zitenga mphindi khumi. Sindikufuna kudikira mphindi khumi."

Ndinaika pakamwa pafupi ndi thabwa. "Philippa, ndi ine. Chilichonse chimene uli nacho m'manja, chiike pansi. Chonde."

Mpando unakwekwereza. Loko anatembenuka.

Mwala unali padesiki, chafufumimba pa thaulo loyera, nyale itaweramira pamwamba pake. Pambali panali kampeni kakuthwa komwe timapalira dothi pa zinthu zofukulidwa. Ndinamukankha Philippa n'kuweramira mwalawo. Ndinaufufuza kona ndi kona. Pakona imodzi panali kamzere koyera, katsopano, kotalika ngati njere imodzi ya mpunga. Kwina konse kunali bwino.

"Ndinayamba," anatero Philippa kumbuyo kwanga. "M'mawa ndinalephera, ndinaubisa m'dirowa. Panopa ndinati ndiyesenso. Kungopala kachikopa kapamwamba, kamera isapeze kanthu, kenako mawa uupeze m'dirowa ina, uziti unasokoneza wekha. Dzanja likukana, Lorraine. Zaka makumi atatu ndakhala ndikumenya ana pamanja chifukwa chogwira zinthu izi popanda magolovesi."

"Ndiye ine ndikanakhala wosokonezayo."

"Inde." Sanayang'ane kumbali. "Ndinaganiza zimenezo, ndipo ndinapitirizabe."

Dacosta anatola kampeni ndi kansalu n'kukaika m'thumba lapulasitiki. "Khadi ili kuti?"

Anaitulutsa m'thumba la juzi. Ndinaitembenuza. Kumbuyo, ndi pensulo: Wabwera ndi P.S. kuchokera ku Luxor, Malichi 1987.

"Ndinali ndi zaka 23," anatero. "Ulendo wanga woyamba. Tsiku lonyamuka Aldous anabwera kuchipinda kwanga ndi kanthu kokulunga m'sokosi. Anati atsikana sawasecha kwambiri pabwalo la ndege. Ndinanyadira, ukudziwa? Pa ophunzira asanu anasankha ine. Titafika kuno anandipatsa mankhwala ndi thonje, ndinatsuka nambala ija ndi manja awa. Kenako ndinalemba khadi, n'kulemba zoona kumbuyo, chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti khadi sinama."

"Pulofesa akudziwa zimene mwachita lero?"

Anaseka kowawa. "Aldous sapempha kanthu. Lachitatu anangondiimbira n'kunena kuti, Philippa, wophunzira wako akufuna kukumba pomwe iwe unakwirira. Lero m'mawa akundipatsa chikhothi anagwedeza thumba kuti makiyi alire."

"Muyenera kupita nane, Dokotala Strand."

Anayang'ana wotchi. "Ndine amene ndikuyenera kumuitana Marina kutsogolo. Mundipatse mphindi zitatu mu holo. Muime pakhomo, sindithawa ndi nsapato izi. Asamve kwa wapolisi, kapena kwa Hamish."

Dacosta anandiyang'ana, kenako anayang'ana kamzere koyera kaja.

"Zitatu," anatero.

* * *

Ndinanyamula mwala m'kabokosi kagalasi ndi manja awiri, kudutsa pakati pa mipando. Marina atauona anaimirira, dzanja pakamwa. Anathamangira kwa Philippa kuti amukumbatire. Philippa anamugwira m'mapewa n'kumukhazika pansi.

Kenako Philippa anakwera pansanja popanda pepala.

"Ndimayenera kukuuzani za Marina Girgis," anatero. "Mudziwa nokha posachedwa. Choyamba ndikuuzeni za ine. Zonse zimene akuonetseni ndi zoona. Mwala uwu unabedwa ku Ejipito mu 1987. Ndinaunyamula ndine, m'sutikesi mwanga, atandituma aphunzitsi anga, Pulofesa Renquist. Nambala imene muione ndinaitsuka ndine. Lero m'mawa ndinaubanso kachiwiri kuti ndiipale, wophunzira wanga aoneke wabodza pamaso panu. Pali kachipsera pakona. Kameneko n'kanga."

Mmodzi wa alendo a ku Cairo, mayi wachikulire wovala mpango wabuluu, anavula magalasi n'kuwapinda.

Mawu a Pulofesa Renquist anatuluka mzere woyamba, odekha, omveka mpaka kumbuyo.

"Mayi uyu watopa. Wina amupatse madzi. Ine pa moyo wanga sindinatumepo munthu kunyamula kanthu. Ngati anabweretsa chinthu m'sutikesi mwake, ndikumva lero limodzi ndi inu."

Philippa anawayang'ana nthawi yaitali. Anatsika masitepe, n'kuima pafupi ndi mpando wa Marina.

"Usathamange pa gawo lachiwiri," anamuuza. "Umathamanga."

Marina sanadzutse mutu. Philippa anadikira pang'ono, kenako anayenda mpaka pakhomo pomwe Dacosta anaima, ndipo chitseko chinatsekeka.

Ndinaganiza kuti mtsikanayo sayankhula. Koma anadzuka, anakwera pansanja, anamuuza Hamish kuti ayatse kamera. Nambala ija itatulukira pakhoma, yaikulu ngati munthu, mayi wa mpango wabuluu anaiwerenga mokweza m'Chiarabu, n'kuilemba m'kabuku kake. Pulofesa Renquist anatuluka nthawi ya mafunso isanakwane. Palibe amene anawaperekeza.

Anthu atapita kukamwa tiyi, Marina anabwera pathebulo pomwe ndinkakulunga mwala. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Anakuuzani chifukwa chake?"

"Anandiuza."

"Musandiuze. Osati lero." Anayang'ana manja anga akupinda pepala. "Lorraine, kuchipinda kwanu kuja, zinthu zimene zinabwera ndi Pulofesa Renquist zilipo zingati?"

Nambalayo ndinali nayo m'mutu. Ndinali nditayamba kale kuiwerengera ali pakati pa nkhani yake.

"Mazana atatu ndi khumi ndi zinayi."

"Munayamba mwatembenuzapo makhadi ake?"

"Ayi."

Anatola kamera yake pathebulo n'kuiika m'chikwama mosamala.

"Lolemba mumatsegula nthawi yanji?"

"Naini koloko," ndinatero. "Koma iwe ubwere eyiti. Loko ndikhala nditasintha."